MPANDO WAULEMU PA PHWANDO NGWA YANI?

Tsiku lina la Sabata Ambuye Yesu adaitanidwa kukadya ku nyumba ya mkulu wina wa Afarisi. Luka Woyera, pa mutu 14 wa Mthenga Wabwino wace, asimba kuti anthu a m'nyumbamo analikumpenyetsetsa kuti aone cimene adzacite. Koma iwo sadadziwe kuti nayenso analikuwapenya. Adaona oitanidwa alikupanikizana mwacinsinsi, yense alikufuna kuti malo a pafupi ndi mwini nyumba akhale ace. Pamenepo adawaphunzitsa kuti woitanidwa ku ukwati asathamangire mpando wa kutsogolo, kuopa kuti angamnyamutsepo pamaso pa onse akafika wina womposa. Mwini nyumbayo adamlangizanso kuti pokonza cakudya azikumbukira amphawi, opunduka ndi akhungu, amene alibe comubwezera.

Papita zaka zoyandikira 2,000 cicokere tsiku lija, koma mkangano wa mipando sunazilale pakati pa ana a Adamu. Ku Lilongwe, makamaka m'madera a anthu opata monga Area 47, mkanganowu udalandira mlendo amene makolo sadamdziwe: ndiye munthu wochuka cifukwa ca wailesi ya kanema, mnyamata kapena mtsikana amene dziko lonse lidamuona alikudya, alikugona, alikukangana ndi anzace m'nyumba yotsekedwa. Ena afuna kumkhazika pamwamba pa onse, ena afuna kumtsekera kunja kwa cipata. Mkristu ayenera kudziwa pamene Eklezia aima pa mlandu umenewu, pakuti m'kati mwace muli miyoyo ya anthu ndi mbiri yao.

NYUMBA YA MASO AMBIRI

Masewero a Big Brother adayamba ku Holland m'caka ca 1999, caka comweco cimene Malawi adatsegula wailesi yace yoyamba ya kanema, TVM. Dzinalo lidatengedwa m'buku la George Orwell la mu 1949, losimba za wolamula wankhanza amene diso lace silicoka pa anthu ace usana ndi usiku. Mwambo wa masewerowo ndi uwu: anthu osadziwana atsekeredwa m'nyumba imodzi, opanda nyuzipepala, opanda lamya, opanda mau ocokera kwao, makamera awajambula nthawi zonse, sabata ndi sabata oonerera aponya mavoti ndipo wina atulutsidwa, mpaka atatsala wopambana amene atenga ndalama.

Mu 2003 nyumba yotere idatsegulidwa ku Johannesburg, ndipo mudalowa anthu 12 ocokera m'maiko 12 a mu Afrika, nakhalamo masiku 106. Wa ku Malawi anali Zein Dudha. Wopambana anali Cherise Makubale wa ku Zambia, amene adalandira madola 100,000 a ku Amerika. Mu August caka comweco aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Malawi adagwirizana kuti TVM ileke kuonetsa masewerowo, ati alikuononga mwambo wa dziko. Koma pasanapite masiku ambiri Bwalo Lalikulu la milandu lidacotsa ciletsoco.

Kuyambira pamenepo ana a Malawi adalowa m'nyumbamo wina pambuyo pa mnzace: Code Sangala mu 2007 ndiponso mu 2010, Hazel Warren mu 2008, amene adatsala pang'ono kupambana, nakhala waciwiri kwa Ricco wa ku Angola, Mzamo Chibambo mu 2009, Lomwe ndi Felicia mu 2011, Wati mu 2012, Fatima ndi Natasha mu 2013, Sipe ndi Mr 265 mu 2014. Mphotho idakwera kufikira madola 300,000. M'nyumba za ku Area 47 anthu ankaonera pa mipando yofewa. Ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona ambiri ankaunjikana pa kanema mmodzi wa mnansi kapena wa m'malo omwera, onse mtima uli m'mwamba usiku wa Lamulungu, kudikira kumva amene atulutsidwe. Mu September 2014 nyumba ya ku Johannesburg ija idapsa ndi moto osewera asanalowemo. Adapeza ina, masewero a caka cimeneco nacitika, koma adali otsiriza a Big Brother Africa. Lero nyumbayo kulibe, komatu mzimu wace sudafe: udasamukira m'mafoni, pa Facebook ndi pa TikTok, pamene mwana ali yense angathe kudzimangira nyumba ya maso ambiri m'cipinda cace comwe.

MZINDA NDI MIPANDA YACE

Mzinda uli wonse umene wakhalitsa uli ndi mabanja amene adziyesa eni ace. M'masiku a atsamunda, ku Zomba ndi ku Blantyre kudali makalabu a Azungu kumene munthu wakuda ankalowa ngati wanchito, osati ngati mlendo. Ufulu utadza mu 1964 zitseko zija zidatseguka, koma mtima wosankha anthu udangosintha cobvala. Lilongwe atakhala likulu la dziko mu 1975, m'malo mwa Zomba, akulu-akulu a boma adasamuka ndi mabanja ao, nakumana ndi amalonda akale a ku Old Town ndi ana a mafumu a m'cigawo ca pakati. Ndipo pang'ono-pang'ono padauka mabanja a maina odziwika, amene ana ao aphunzira limodzi, akwatirana, nakumana pa maukwati ndi pa maliro.

Area 47 ndi limodzi la madera amene mabanja otere akhalamo. Woyenda m'miseu yace aona mipanda ya njerwa, zipata za citsulo, agalu ndi alonda. Kuseri kwa mipandayo kuli Mtandire, kumene m'mamawa kucokera amai ocapa, anyamata osamala maluwa ndi ophika, ndipo madzulo kucokera alonda. Pakati pace pali Bwandilo, kumene nyimbo zilira mpaka mbanda kuca. Ndipo ku Chigoneka kuli chalichi la Kizito Woyera, kumene mwini cipata ndi mlonda wace agwada pa guwa limodzi.

M'dera lotere anthu ayesana ndi miyeso iwiri yakale. Woyamba ndi dzina: kodi ameneyu ndi mwana wa yani? Waciwiri ndi cuma: kodi ali ndi ciani? Masewero a pa kanema adadzetsa muyeso wacitatu, ndiwo nkhope: kodi adziwika kwa anthu angati? Miyeso itatuyi ikakumana pa phwando limodzi, mpando waulemu ucepa.

FANIZO LA UKWATI

Munthu ayerekeze ukwati wina wa pa Loweruka ku Area 47. Pa tebulo la akwati patsala mpando umodzi, ndipo abale alikupangana za woyenera kukhalapo.

Mai wa mkwatibwi ati kwa mlongo wace: "Acimwene, mnzace wa mkamwini wathu uja adaonekera pa kanema akubwera. Tikamkhazika kutsogolo, zithunzi za ukwatiwu zifika kutali, ndipo perekani-perekani ayenda bwino."

Malume ayankha: "Iai, acemwali. Mwana amene dziko lonse lidamuona alikubvina ndi kukangana akhale pafupi ndi mbumba yanga? Amgwiritse nchito yosangalatsa anthu, zimenezo sindikana. Koma mpandowo ngwa abwana anga akale aja, amene dzina lao lidziwika cikhalire Zomba ali likulu."

Onse awiri aiwala munthu mmodzi: azakhali a mkwatibwi, mai wamasiye wa ku Mtandire wogulitsa zitumbuwa, amene adalera mtsikanayo zaka zisanu pamene makolo ace anali kunja pa maphunziro. Iyeyu wafika m'mamawa, wasonkha moto, wasenda mbatata, ndipo tsopano wakhala pa mphasa kuseri kwa hema pamodzi ndi ophika.

Potsiriza mau a mai apambana, ndipo mnyamata wa pa kanema aperekezedwa ku mpando uja anthu alikuomba m'manja. Koma iye, atamva kwa mkwatibwi za mai amene adamlera, anyamuka, apita kuseri kwa hema, agwada nati: "Amai, pepani, mpando umene andikhazikapo ngwanu. Ine anthu adandiona miyezi itatu yokha. Inu Mulungu wakhala alikukuonani zaka zonsezi. Tiyeni ndikuperekezeni."

Pa anthu onse a pa phwando limenelo, wacita mau a Ambuye ndi uja amene wina adafuna kumgulitsa, wina nafuna kumbisa.

KULAKWA KUTATU

Kulakwa koyamba ndi kwa opembedza nkhope. Iwo ayesa kuti munthu akadziwika ndi ambiri, ndiye kuti wakula. Makolo otere akondwa mwana wao akachuka, osafunsa kuti wachuka ndi ciani. Acinyamata otere aleka sukulu ndi nchito ya manja, alikudikira tsiku limene kamera idzawapeza. Koma mavoti a anthu ali ngati mame: khamu limene lidapfuula mokondwa pamene Ambuye analikulowa mu Yerusalemu silidamteteze Lacisanu. Akale adati ukakwera pa msana pa njobvu usamati pansi palibe mame. Wochuka wa caka cino aiwalika caka camawa, pakuti masewero afuna nkhope zatsopano monga moto ufuna nkhuni; ndipo ngati munthu adamanga moyo wace wonse pa kuomba m'manja kwa alendo, tsiku limene manja aja adzakhala cete adzapeza kuti alibe poima.

Kulakwa kwaciwiri ndi kwa opembedza dzina. Iwo ayang'ana wa pa kanema ndi diso la Mfarisi uja amene adaima m'Nyumba ya Mulungu nayamika kuti sali ngati wokhometsa msonkho. Amuitana kuti akometse phwando lao, ajambulitsa naye zithunzi, koma m'mtima amuyesa wacabe, ndipo akamva kuti afunsira mwana wao atseka cipata. Cimene aiwala ndi ici: zofooka za mnyamatayo zidaoneka cifukwa panali makamera, zao zidabisika cifukwa pali mpanda. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyumba zina za zipata zokongola zikadaikidwa makamera masiku 106, anthu akadamva malipiro a mlonda amene sadaperekedwe miyezi itatu, akadaona mwana wanchito alikudya makombo ataimirira, akadamva mau amene mwamuna anena kwa mkazi wace alendo atapita. Yakobo Woyera, pa mutu 2 wa kalata yace, adzudzula Akristu amene apatsa malo abwino munthu wa mphete yagolide, naimika mmphawi kumbuyo. Ndipo Yohane Mbatizi adacenjeza Ayuda kuti asadalire pa kukhala zidzukulu za Abrahamu. Dzina la bambo silibatiza mwana, ndipo nambala ya nyumba siidziwika kumwamba.

Kulakwa kwacitatu ndi kobisika koposa, pakuti ndi kwa oonerera. Alipo Akristu amene adacezera usiku wonse pa kanema, alikudikira kuti mwana wa mnzao agwe m'chimo kuti iwo asangalale, ndipo kutaca adabvala zoyera napita ku Misa alikupukusa mitu cifukwa ca kuipa kwa acinyamata a masiku ano. Masewero otere akhala ndi moyo cifukwa ca maso a oonerera. Akonzi ace adziwa kuti ndeu ndi zamanyazi ndizo zikoka anthu, ndipo apereka cimene anthu agula. Tsono wogula sangathe kusamba m'manja monga Pilato. Lamulo lacisanu ndi citatu liletsa kuononga mbiri ya mnzace, ndipo lamuloli silileka kugwira nchito cifukwa mnzaceyo waonekera pa kanema. Wotumiza cithunzi conyazitsa munthu kwa anzace 50 pa foni wanena miseche kwa anthu 50, ndipo ayenera kukaulula.

CIMENE EKLEZIA APHUNZITSA

Eklezia sanena kuti wailesi ya kanema ndi nchito ya Satana. Mu 1957 Papa Pio XII adalemba kalata ya Miranda Prorsus yonena za kanema ndi wailesi, naziyesa mphatso za Mulungu zimene munthu angacite nazo zabwino kapena zoipa. Mu 1958 adasankha Klara Woyera wa ku Assisi kuti akhale nkhoswe ya wailesi ya kanema. Pa 4 December 1963 Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican udatulutsa cikalata ca Inter Mirifica, cimene ciika udindo pa onse: pa okonza, pa osewera, pa makolo, ndiponso pa oonerera, amene ayenera kusankha zoonera ndi mtima woongoka. Mpeni womwewo usenda cinangwa, womwewo ulasa munthu. Mlandu uli pa dzanja.

Cifukwa cace kuchuka nakonso kuli ngati ndalama zija za m'fanizo la Ambuye, zimene mwini cuma adasiyira anchito ace napita pa ulendo: tsiku lidzafika lofunsa cimene munthu adapindula nazo. Ena mwa ana a Malawi amene adalowa m'nyumba ija adaonetsa kuti dzina lingathe kusandulika khasu. Natasha Annie Tonthola adagwiritsa nchito kudziwika kwace pomenyera atsikana nkhondo, kutsutsa mwambo wa fisi ndi maukwati a ana. Code Sangala adagwiritsa nchito nyimbo zace polimbana ndi malungo amene apha ana. Wonyoza onse a pa kanema ndi mau amodzi ayambe wadzifunsa ngati iye, ndi dzina la makolo ace ndi cuma cace, wacitapo zotere kwa mwana mmodzi wa ku Mtandire kapena ku Mgona.

Muyeso wa Mulungu suli pa nkhope, kapena pa dzina, kapena pa cuma. Pamene Samuele adatumidwa ku Betelehemu kukadzoza mfumu, adakopeka ndi msinkhu wa mwana woyamba wa Yese, koma Mulungu adamkumbutsa kuti Iye apenya mumtima, nasankha Davide amene ankaweta nkhosa, amene sadamuitane n'komwe ku phwandolo. Ndipo pa mutu 6 wa Mateyo Woyera Ambuye aphunzitsa katatu, ponena za kupatsa amphawi, za kupemphera ndi za kusala cakudya, kuti wocita zabwino kuti anthu amuone walandiriratu malipiro ace, koma Atate aona zobisika. Diso la Big Brother lipenya kuti ligulitse, ndipo wolephera limtulutsa m'nyumba. Diso la Atate lipenya kuti lipulumutse, ndipo wolephera akalapa limtsegulira citseko.

MNYAMATA WA KU NAMUGONGO

Akristu a ku Area 47 safunika kupita kutali kukafuna citsanzo, pakuti dzina lace lalembedwa pa chalichi lao. Kizito anali mnyamata wa zaka ngati 14, wotumikira m'nyumba ya Mwanga, mfumu ya Buganda. Panalibe malo ena m'dziko limenelo oposa bwalo la mfumu pa ulemu, ndipo mabanja akulu ankatumiza ana ao kumeneko kuti adzakhale nduna ndi mafumu. Kizito anali kale m'kati mwa mpanda umene anthu onse ankaulakalaka. Cimene cidafunika kuti akhalebe m'menemo cinali cimodzi: kukana cikhulupiriro ndi kubvomera zofuna zoipa za mfumu. Iye adapempha ubatizo, naulandira kwa Karoli Lwanga mu May 1886. Ndipo pa 3 June caka comweco adatenthedwa pa moto ku Namugongo pamodzi ndi anzace, iye ndiye wamng'ono mwa onse.

Pa tsiku limenelo akulu-akulu a bwalo la Mwanga adayesa kuti mnyamatayo wataya mpando wace mopusa. Koma pa 18 October 1964 Papa Paulo VI adalengeza kuti Kizito ndi anzace, onse pamodzi 22, ndi oyera a Eklezia. Maina a nduna zambiri zimene zidasunga mipando yao tsiku lija adaiwalika. Dzina la mwana uja lichulidwa pa maguwa a dziko lonse, ndipo ana ambiri a ku Malawi abatizidwa nalo. Mwini phwando weni-weni adadza, namuuza kuti asendere kutsogolo.

ZOYENERA KUCITA

Tsono banja lacikristu likamakonza ukwati kapena cinkhoswe, liyambe lafunsa amene adakhetsa thukuta polera mwanayo, lisanafunse amene adzakometsa zithunzi. Makolo adziwe zimene ana ao aonera ndi zimene adziika pa foni, ndipo awaphunzitse kuti pali zinthu za thupi ndi za mtima zimene sizigulitsidwa pa mtengo uli wonse, ngakhale madola 300,000. Wacinyamata amene walandira mwai wodziwika akumbukire kuti ana ang'ono alikumtsanzira, ndipo asaope kubwera ku mphakati ndi ku masakramenti, pakuti chalichi si kalabu ya mabanja ochuka. Akulu a mpingo amlandire monga mwana wa m'nyumba, osamkweza koposa anzace pofuna copereka, osamcepetsanso pokumbukira zakale. Ndipo mwini cipata, asanaweruze mwana wa mnzace amene adamuona pa kanema, atuluke panja madzulo, afunse mlonda wace dzina la mkazi wace ndi la ana ace, nampatse malipiro ace pa tsiku lace.

Pakuti pa Misa iri yonse Ambuye akonza phwando limene palibe angathe kulibwezera, ndipo onse ofikapo ndi amphawi oitanidwa mwacaulere: wa ku Area 47 ndi wa ku Mtandire, wa dzina lakale ndi wa nkhope yodziwika, onse atambasula manja opanda kanthu, nalandira Mkate umodzi.

Kizito Woyera, amene adataya mpando wa ku bwalo la mfumu cifukwa ca Kristu, apempherere acinyamata a mu Lilongwe kuti akonde kudziwika kwa Mulungu koposa kudziwika kwa anthu. Ndipo Maria Virigo Woyera, mdzakazi wodzicepetsa wa ku Nazarete, aphunzitse mabanja onse kusiyira Mwini phwando nchito yogawa mipando. Amen.